Shaki Wopanda Mano

Mlamu wanga anandiyalutsa Lachiwiri m'mawa, pamsonkhano wa antchito onse, ine nditaima kumbuyo ndi majombo onyowa. Musayambe kundiuza zokhululuka, zimenezo amayi anandiuza kale mpaka mawu anawathera.

Pa nthawiyo n'kuti nditagwira ntchito zaka khumi ndi zinayi kunyumba yoonetsera nyama za m'nyanja yamchere. Ndi chinyumba cha mathanki agalasi, kumene anthu amabwera ndi ana awo kudzaona shaki, akamba ndi nkhanu. Ine ndinali wa kuseri. Ndinkadula nsomba zodyetsa zinzake, kukwecha ndere pamagalasi, kuyeza mchere m'madzi, ndi kuvuula zakufa alendo asanalowe. Okutopasi wathu, chinyama chofewa cha mikono isanu ndi itatu, ankandidziwa ine ndekha. Wina akatsegula chivundikiro cha thanki yake ankamulavulira madzi kumaso, koma ine ankandikulunga dzanja n'kundisiya.

Mchere ndiwo unanditha. Manja anga anang'ambika ming'alu yosapola, ndipo magolovesi ankangosunga thukuta n'kuonjeza moto. Adokotala anandilembera kalata kuti manja amenewa achoke m'madzi pasanathe miyezi itatu, apo ayi zala ziuma. Bwana atawerenga kalatayo anakanda m'mutu. Anati ntchito youma imene ilipo ndi imodzi yokha, yoyang'anira holo yatsopano ndi kufotokozera alendo za nyamazo. Ndikaiphonya, ndiye kuti ndikakhale kunyumba.

Ndipo ndani anakalembanso kalata yofunsira ntchito yomweyo? Mkazi wa mchimwene wanga wamng'ono. Munthu amene ntchito ya mu ofesi ndinamupezera ndine, kalata yake ndinainyamula ndekha m'thumba la ovololo. Ankadziwa za manja anga. Anandionapo patebulo pa amayi ndikulephera kutsegula botolo, iye n'kunditsegulira akuti, "Pepani alamu, koma ndiye mukuvutika." Kunyumba ndinali alamu. Kuntchito ankanditchula kuti mayi a kumathanki, ndipo akamadutsa pamene timadulira nsomba ankatsina mphuno. Anzanga anamupatsa dzina lakuti Adipuloma, chifukwa pepala lake la sukulu analipachika pakhoma penipeni poyang'anana ndi chitseko.

Bwana anatiuza tonse awiri kuti tilembe mawu oika pazikwangwani za mathanki asanu a m'holo yatsopano. Ine ndinalemba masamba atatu, zonse zimene ndinaziona ndi maso angawa. Pamsonkhano paja mlamu anatola masamba angawo patebulo pa bwana, osapempha.

"Tamvani zimene atilembera mayi a kumathanki," anatero. Anakoka mpweya wambiri n'kuyamba kuwerenga mothamanga: "Okutopasi ali ndi mitima itatu ndipo sakonda kuwala ndiye kamba akafuna kupuma amakwera pamwamba koma nkhanu musaiike pafupi ndi okutopasi aidya komanso dzino la shaki likagwa limamera lina ndiye mazira a kamba..." Kenako anagwira pachifuwa n'kudzigwetsera pampando. "Mayo, ndamira ine! Ndivuuleni! Masamba atatu opanda popumira, ndime ngakhale imodzi!"

Anthu anaseka chikhakhali. Ngakhale mlonda, amene dzina lake lomwe amasaina ndi chala, anaseka mpaka misozi. Ine nkhope inatentha, manja ndinawabisa kumbuyo. Bwana anadziletsa kuseka, koma ndinaona mapewa ake akugwedezeka. Anagamula kuti popeza nyamazo ndimazidziwa ndine, ndilembenso bwino, koma wokonza mawu ndi kuwatumiza kosindikiza akhale mlamu. Tsiku lotsegulira holo likayenda bwino, ntchito idzakhala yake.

Ndiye kuti ine ndiphike, iye apakule. Asa!

Masiku atatu ndinkangotukwana mumtima. Tsiku lachinayi ndinavomera chinthu chimene chinkandiwawa kwambiri, chakuti mawu akuti ndime ndinkawamva chabe, tanthauzo lake lenileni sindinkalidziwa. Sukulu ndinalekezera panjira kuti mchimwene wanga yemweyo aphunzire. Choncho Loweruka masana ndinakwera masitepe a laibulale, kumene ndinamva kuti akuluakulu amaphunzirako kulemba. Munali timipando ta ana, mawondo ankafika pachibwano. Mphunzitsi wake anali bambo wokalamba amene kale ankakonza zolakwa m'mabuku pakampani yosindikiza. Ankayenda ndi sizasi yomangirira chingwe m'khosi, ndipo aliyense ankangowatchula kuti a Sizasi.

Ndinawapatsa masamba anga aja ndikuyembekeza kusekedwa kachiwiri. Anawerenga mpaka kumapeto, mlomo ukuyenda pang'onopang'ono.

"Mitima itatu? Zoona zimenezi, mayi?"

"Zoona, aphunzitsi. Magazi akenso ndi obiriwira ngati kumwamba."

"Ha! Zaka zonsezi ndakhala ndi mtima umodzi, ukundivutanso." Anavula magalasi. "Tandiuzani. Kuntchito kwanuko, shaki, nkhanu ndi okutopasi mumaziika m'thanki imodzi?"

"Iii, ayi. Zingadyane."

"Nanga papepalapa mwaziikiranji m'thanki imodzi? Zadyanatu apa."

Anandipatsa sizasi ija. Anati ndidule chiganizo chilichonse pachokha, kenako ndiunjike timapepalato patebulo, tonena za nyama imodzi mulu umodzi. Sizasi inkandilowa m'ming'alu ya zala, koma ndinaluma mano n'kudula. Patebulo panatuluka milu isanu. A Sizasi anati mulu uliwonse ndiyo ndime. Kenako anandiuza kuti pamulu uliwonse ndisankhe chiganizo chimodzi chokhala patsogolo, chouza wowerenga kuti walowa m'nyumba ya yani. Zotsalazo zitsatane mwaulemu, china chikokere chinzake, ndipo nkhani ya nyamayo ikatha ndidumphe mzere n'kuyamba ina.

Ndinayang'ana miluyo, mtima sunakhazikike. Wa okutopasi unali phiri, wa shaki unali timapepala tiwiri tokha.

"Aphunzitsi, ndalakwitsa. Sizikufanana kutalika."

"Ndani anakuuzani kuti zizifanana? Ndime sayeza ndi lula, mayi. Imathera pamene nkhani yake yathera. Woidula poyeza mizere ali ngati telala wodula malaya asanaone mwini wake."

Mawu amenewo anandikumbutsa kanthu kena kamene kanandinyansa chaka chathacho. Lolemba m'mawa, alendo asanalowe, ndinapita kuholo yakale ndi ndowa yanga ngati wokakwecha magalasi. Zikwangwani za kumeneko anakonzanso ndi mlamu, kuchokera pa kope langa lakale. Ndinawerenga mizere ya chikwangwani choyamba: isanu. Chachiwiri: isanu. Zonse isanu isanu. Ndipo pansi pa chikwangwani cha nsomba ina yamizeremizere panali mawu akuti, "Imayenda cham'mbali." Nsomba kuyenda cham'mbali! Mawuwo anali a nkhanu ya m'thanki yotsatira. Kale ndinkayesa kuti osindikiza ndiwo anasokoneza. Tsopano ndinaona poyera. Adipuloma sankawerenga n'komwe. Ankangowerengetsa mizere isanu, chifukwa ndiyo imakwana pathabwa, n'kudula, n'kuika dzina la nyama pamwamba motsata ndondomeko ya mathanki. Nthawi ija zinamuyendera chifukwa ndinangopezeka kuti ndalemba zofanana kutalika.

Ndinakhala pansi pa ndowa ija n'kuseka ndekha mpaka kamba anabwera pagalasi kudzandiyang'ana.

Ndinapita kwa a Sizasi masiku ena anayi a Loweruka. Mtsikana wa palaibulale anandionetsa kalembedwe ka pakompyuta, ndipo ndinkabaya ndi chala chimodzi chimene chinali chisanang'ambike. Ndinalemba ndime zanga zisanu, iliyonse ndi khomo lake. A Sizasi anandibweza katatu pa ya okutopasi, ati mwa imeneyi muli ndime ziwiri zobisalirana, ina ya thupi lake, ina ya mazira ake. Nditazilekanitsa anagwedeza mutu n'kunena kuti tsopano munthu angayendemo osapunthwa. Pepala limenelo ndinalisindikiza, n'kulipinda, n'kulisunga.

Kenako ndinakonza lachiwiri, la mlamu wanga wokondedwa. Zimenezi a Sizasi sindinawauze, chifukwa anali munthu wabwino. Sindinalembemo bodza ngakhale limodzi, ndipo nyama zinatsatana monga mmene mathanki aimira: shaki, kamba, okutopasi, kansomba kotchedwa kahatchi ka m'nyanja, nkhanu. Ndinangofufuta mipata yonse ya pakati pa ndime, n'kuchotsa ziganizo zotsogolera zija zotchula mayina. Paliponse ndinalemba kuti "nyama imeneyi". Shaki ndinamupatsa mizere iwiri, okutopasi khumi ndi umodzi. Zonse pamodzi zinakwana mizere makumi awiri ndi isanu ndendende, yogawika bwino kasanu. Munthu wowerenga akanaona msanga. Munthu wotsika masitepe khumi kudzafunsa mayi a kumathanki akanauzidwa. Misampha yake inali yomweyo basi.

Mlamu ankanditumizira mauthenga tsiku ndi tsiku kuti osindikiza akudikira. Ine ndinkayankha kuti manja akupweteka, ndipo silinali bodza. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinamupatsa kafulashi kamene ndinasungiramo zolembazo tsiku lomaliza, itatsala ola limodzi kuti osindikiza atseke.

"Ee, mpaka pakompyuta? Mwayamba kutukukatu," anatero, maso ali pafoni. Anatsegula, n'kuona chimulu cha mawu chija, n'kupumira m'mwamba. "Koma ndime zokha zinakukanikani. Musadandaule, ena tinapitira zomwezi kusukulu."

"N'chifukwa chake timakunyadirani," ndinayankha.

Ndili pakhomo ndinamva batani lodumphira mzere la pakompyuta yake likulira: kha, kenako kha, kenako kha. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Zikwangwani zinafika m'mawa wa tsiku lotsegulira. Anazikhoma mothamanga n'kuziphimba ndi nsalu zobiriwira kuti mlendo wolemekezeka adzavundukule yekha. Mlendoyo anali mayi wina wa imvi, wofufuza za nyama za m'nyanja, amene anatha theka la moyo wake ali m'boti. Kunabweranso ana a sukulu basi yathunthu, ndi wojambula zithunzi wa nyuzipepala. Mlamu anavala suti yatsopano ndi nsapato zogogoda. Ine ndinaima pakona ndi mopu, poti ana akachuluka pansi sipachedwa kunyowa.

Mayi wa imvi uja anakoka nsalu yoyamba. Anthu anaomba m'manja. Iye anayandikira n'kuwerenga mokweza kuti ana amve.

"Shaki. Nyama imeneyi imasambira usana ndi usiku. Khungu lake ndi lokakala ngati sandipepa. Nyama imeneyi ilibe dzino ngakhale limodzi." Anaima. Anakonza magalasi ake. "Imadya udzu wa pansi pa nyanja. Ikafuna kuikira mazira imakwawira pamchenga n'kukumba dzenje ndi miyendo yakumbuyo."

Mulungu si munthu. Nthawi yomweyo shaki wathu anadutsa pagalasi, kukamwa kuli yasa, mano ali mbuu mizere itatu.

"Aphunzitsi, amenewo si mano?" anafunsa kamtsikana kena kutsogolo.

Ana anaphulika. Wojambula anayamba kuthwanimitsa kamera yake. Mayi uja sanaseke. Anapita pa thanki yachiwiri n'kukoka nsalu yekha, osadikira bwana. Kamba wathu wokalamba, amene amatha theka la tsiku akuganiza zotembenuka, analembedwa kuti ali ndi mitima itatu ndi mikono isanu ndi itatu, ndipo amatha kudzipanikiza n'kudutsa pakabowo kolowa chala. Chikwangwani cha okutopasi chokha ndicho chinapulumuka, chifukwa mizere yake inali yambiri. Pa nkhanu panalembedwa kuti yaimuna ndiyo imatenga mimba n'kubereka, nkhani ya kahatchi ka m'nyanja imeneyo. Mphunzitsi wa anawo, bambo wa chimimba, anangoona ana ake akumuloza n'kumafunsa kuti atsala ndi miyezi ingati.

Mlamu anaima ngati wathiridwa madzi ozizira. Ndinamuyang'anitsitsa, osaphethira, chifukwa ndinkafuna kuti ndidzakumbukire chilichonse. Ndinamva kukoma, ndisaname. Kukoma kwake kunafika mpaka m'zala zong'ambikazi.

"Amene amasamalira nyamazi alipo?" anafunsa mayi wa imvi.

Bwana, thukuta lili kamukamu, anandikodola. Ndinatsamiritsa mopu pakhoma n'kupita kutsogolo ndi majombo anga. Ndinayambira pa shaki, n'kunena za shaki yekha mpaka nkhani yake inatha. Ndinapuma. Ndinasuntha mapazi atatu n'kunena kuti, "Uyu ndi kamba," n'kuyamba za kamba. Pa okutopasi ndinawauza za thupi lake kaye, kenako za mayi wake amene amafungatira mazira miyezi osadya kanthu, ana akaswa iye n'kufa. Kamtsikana kaja kanafunsa ngati wathuyu adzafanso choncho, ine ndinati wathuyu ndi wamwamuna, ntchito yake n'kulavulira anthu. Mayi wa imvi pamenepo ndiye anaseka.

Alendo atapita, bwana anatiitanira mu ofesi tonse awiri n'kutseka chitseko. Patebulo anali atayala pepala lija la mizere makumi awiri ndi isanu.

"Ndikufuna kudziwa kuti cholakwa chinalowera pati," anatero. "Akulu a bungwe andiimbira kale kawiri. Ngati zolemba za kumathanki zinabwera zosokonekera, ndiye ndi ngozi ya tonse, tikonza zikwangwani nkhani ithere pompo. Koma ngati zinabwera zoona, ndiye kuti wina anatumiza kosindikiza chinthu chimene sanachiwerenge, ndipo ameneyo sindingamusunge mu ofesi muno."

Mlamu anatembenukira kwa ine. Zopaka m'maso zinali zitayenderera m'masaya.

"Alamu," anatero chapansipansi. "Alamu, chonde."

Zaka zitatu zimene anagwira ntchito kumeneko, aka kanali koyamba kunditchula choncho pamaso pa bwana. Ndinadziwa chimene ankapempha. Ndikanangonena kuti pepani bwana, ndinalemba mosalongosoka monga mwa nthawi zonse, onse akanakhulupirira, poti mbiri yanga anali ataifalitsa kale yekha. Iye akanapulumuka. Ine ndikanabwerera kumadzi amchere kukadikira tsiku langa lopita kunyumba.

Ndinapisa m'thumba la ovololo n'kutulutsa pepala langa lopinda lija, la ndime zake zolongosoka, n'kuliika pambali pa linzake.

"Werengani onse awiri, bwana. Mfundo zake n'zomwezo, ndondomeko yake ndi imodzimodzi. Mulibe bodza. Pamsonkhano paja munanena nokha kuti kukonza ndime si ntchito yanga, ndiye ndinasiyira eni ake."

Bwana anawerenga nthawi yaitali, chala chikuyenda uku ndi uku. Kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Munkadziwa kuti adula chonchi?"

"Ndinkadziwa kuti thanki ya shaki ili masitepe khumi kuchokera pa desiki yawo. Akanabwera kudzafunsa, ndikanawauza."

Sanandifunsenso. Anati Lolemba ndibweze majombo kusitolo, ndikatenge yunifolomu ya m'holo, ndipo ndime zangazo zipite kosindikiza mmene zililimo, ngakhale thabwa la okutopasi lichite kukula. Kwa mlamu anati kalata yake aipeza mawa. Mlamu anatuluka osatseka chitseko, nsapato zija zikugogoda mofulumira m'khonde.

Poweruka ndinapeza galimoto ya mchimwene wanga itaima pageti. Tsiku lililonse ankatitenga tonse awiri, mkazi wake kutsogolo, ine kumbuyo pamodzi ndi mpando wa mwana. Mlamu anali atalowa kale, nkhope ili m'manja. Nditagwira chitseko chakumbuyo ndinapeza chili chokiya. Mchimwene anatsitsa galasi pang'ono.

"Achemwali, mukanangomuuza."

"Iye anandiuza, tsiku lija ankandiwerenga pagulu?"

"Analakwa, ndikudziwa. Koma ndi mayi wa mwana wanga. Mwamuchotsetsa ntchito."

"Nanga ine ndine ndani wako?"

Anayang'ana manja anga ali pachitseko, ming'alu yonse ili poyera, kenako anayang'ana kutsogolo. Mwana amene ndinamubereka kumsana, amene ndinamusiyira sukulu, anakweza galasi n'kuliza galimoto.

Ndinaima pageti mpaka inakhota pakona. Mlonda anafunsa ngati ndatsalira mwangozi, ine ndinati ayi, ndakhumba kuyenda. Kusiteji ya basi ndi kutali, ndipo ndinalira njira yonse, kulira kwenikweni kotuluka ndi mamina. Koma wina akanandiimitsa pamsewu paja n'kundibwezera m'mawa wa tsikulo, ndikanaimanso pakona pomwe paja ndi mopu wanga, kudikira kuti nsalu ija ikokedwe.